Mudzi wa Fergal Wosaoneka pa Foni

Mphekesera inayambira kukhitchini ya tchalitchi ku Govan, kuno kudziko la azungu, potsuka makapu a tiyi: ati mzungu amene akufuna kukwatira Ketrina alibe kwawo. Mayi Doris a kutchalitchi komweko ndiwo anafufuza pa foni dzina la mudzi wake wa ku Ireland, Drumnaskea, n'kungopeza msipu, nkhosa ndi mpanda wamiyala. Nyumba ng'o!

Ketrina mtima unali m'mwamba, chifukwa malume ake, a Zangaphee, omwenso ndi ankhoswe, anali atanenetsa kuti mwana wa mlongo wawo sakwatiwa ndi munthu wongomera ngati bowa.

Loweruka anakumana kunyumba kwa malumewo ku Dennistoun, mbali ina ya tawuni yomweyi. Fergal, mzungu mwini nkhaniyo, anakhala manja ali pamaondo ngati wofunsira ntchito, Ketrina akumasulira.

"Tamufunsa, kwawoko mfumu ndani?" anatero a Zangaphee.

"Akuti kulibe mfumu, malume."

"Nanga akakangana za malire amapita kwa yani?"

"Akuti amangosiya kulankhulana zaka makumi atatu."

A Zangaphee anaimirira kuti akatsegule chitseko, alendo azipita. Ketrina anamutsina Fergal kuti aimbire mayi ake pa vidiyo, msangamsanga.

Mayiwo anaonekera ali pakati pa nkhosa, mphepo ikuwabalalitsa tsitsi. A Zangaphee anafunsa chinthu chimodzi chokha, m'Chingerezi chawo cha Lamulungu: munthu angafike bwanji kumeneko?

Eee, mayi aja kuyamba! Ati mutsike basi ku Ballyfeerin, pagolosale yomwenso ndi bala, komanso amagulitsa mabokosi a maliro. Muwoloke kamlatho, mukhote pomwe panali positi ofesi kalekale, mupitirire chitsime chomwe anthu amakapempherapo. Koma a nyumba yachikasu musawapatse moni, amenewo anaba geti mu 1994. Mukaona galu wa miyendo itatu, basi mwafika.

"Nanga galuyo akachokapo?" anafunsa malume.

"Sachoka," anatero mayiwo.

A Zangaphee anawomba m'manja. "Ketrina, uwutu ndi mudzi weniweni! Ngati kwathu ku Ntcheu ndendende. Ukwati ulipo!"

Mtsikana asanapume n'komwe, malume anawonjezera kuti unkhoswe sayendetsera pa foni. Apita okha kukaonana ndi akuchimuna, ndipo sangapite chimanjamanja, mwambo umafuna nkhuku ya msoti. Lolemba anakaigula yamoyo kufamu ina kunja kwa tawuni. Pano ili m'bafa mwawo, ikujompha buledi, ndipo akazi awo akusamba kwa aneba.

Tsono inu amene munakwerapo sitima ya pamadzi yopita ku Belfast, njira ya ku Ireland, tandiuzani, nkhuku imadula tikiti ya mwana kapena ya wamkulu?