Khoma Lotsala Kuseri

Fumbi linali lisanakhazikike pamene lole inaima pageti. A Kapitawo ataona amene akutsika, mtima unangoti myuu! Anali mwana wawo wachisamba, uja wa kuyunivesite, magolovesi ali m'manja.

Chimene anabwerera ankachidziwa bwino. Mtsikanayo ankafufuza ngati njerwa za nyumba zogumulidwa zingamangirenso nyumba zina m'malo mokatayidwa kudzala. Ankafuna njerwa zathunthu zoti akaziyese kulimba kwake pamakina, apo ayi maphunziro ake sakanatha chaka chimenecho. Bambo akewo anali atamulonjeza, uku akudziguguda pachifuwa, kuti sitolo yakale ya pamalopo aiphwasula ndi manja, mzere ndi mzere kuyambira pamwamba. Koma m'mawa umenewo mwini malo anaimba foni akukalipa kuti ntchito ikuchedwa, basi iwo n'kungokodola wa katapila kuti aigwetse.

"Mlendo wanu uyo, bwana," anatero Chimphepo, woyendetsa katapilayo, akuzimitsa injini. "Paja mumatiuza kuti kuthamanga sikufika. Nanga lero mwafika?"

"Tseka pakamwa, iwe!"

Mtsikanayo anakwera pamulu wa zibumazo osalankhula. Anatola chibenthu cha njerwa chokhala ndi chizindikiro cha choko chimene analemba yekha dzulo lake. Akanakalipa bwenzi zili bwinoko. Koma chete ameneyo anawalasa a Kapitawo, ndipo manyazi anawagwira ngati mwana wopezeka dzanja lili m'shuga.

"Mwanangu, mwini malo anandipanikiza. Nyumba zogumula n'zambiri, ndikupezera ina."

"N'zambiridi, bambo, koma n'zomangira simenti. Njerwa imasweka usanaichotse. Ino inali yomangira dothi, ukangogogoda imachoka yathunthu." Anapukuta chibenthu chija ndi golovesi. "Komanso amayi anandiuza kuti munaphunzirira umisiri pa sitolo ino. Ndimafuna ndikaime pamaso pa aphunzitsi anga n'kunena kuti njerwa zimene anayala bambo anga zidakali ndi ntchito."

A Kapitawo anasowa poyang'ana. Zoonadi, makoma amenewa anawamanga iwo ali mnyamata, ndiye lero awasandutsa zinyalala okha, osakumbukira n'komwe. Ngakhale Chimphepo, pakamwa posapuma paja, anangoweramira pachiwongolero.

Kuseri kunali kutatsala khoma limodzi lokha. Foni inayambanso kulira m'thumba, mwini malo yemwe uja.

"Ndiligwetse, bwana?" anafunsa Chimphepo chapansipansi.

"Tsika. Kanditengere makwerero ndi hamala."

A Kapitawo anaizimitsa foni ija. Chimene mwini malo anganene, anati akachimva mawa. Anakwera pang'onopang'ono, mawondo akudandaula, n'kugogoda njerwa yapamwamba. Inachoka yathunthu, dothi likuyoyoka. Anaitsitsira kwa mwana wawo.

Iye anayang'ana khomalo kuchokera uku mpaka uko, osamwetulira.

"Sizikwana, bambo."

"Ndikudziwa, mwanangu. Landira."

Mtsikanayo anavala magolovesi aja n'kuilandira ndi manja awiri.