Ziganizo za a Mperekezi

Kalasi yathu ya Chingerezi inali pamwamba pa sitolo ya penti, m'chipinda chimene fungo lake linkakuledzeretsa usanaphunzire kanthu. Tinali akuluakulu okhaokha, anthu amene tinasiyana ndi sukulu popanda kutsanzikana: ine telala, Wometa wa pakona, Dalaivala wa lole amene ankabwera kudzagona pa benchi ya kumbuyo, amayi awiri ogulitsa mafoni, ndi ena ongoonekera mwa apo ndi apo. Tinkakumana tikaweruka kuntchito, dzuwa likadalipo.

Aphunzitsi athu tinkawatcha a Mperekezi, chifukwa mawu amenewa sankachoka pakamwa pawo. Ankati mneni wa Chingerezi ali ngati bwana, sayenda yekha. Amafuna kamperekezi pambuyo pake, ka at, ka for, ka on, ndiye kenako mayina, ochulukitsa. Anali munthu wowonda, wa jekete imodzi chaka chonse, choko mpaka m'makutu.

Buku anali nalo, koma ziganizo zake zinali za anyamata oyang'ana mbuzi ndi atsikana odikira mabasi. Tsiku lina Wometa anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, ine ndine munthu wamkulu, ndili ndi ndevu zanga. Mbuzi zimenezi tizisiya liti?"

A Mperekezi anatseka bukulo n'kuyamba kutulutsa ziganizo m'mutu. Koma mutu umatulutsa zimene zadzazamo, ndipo mutu wa a Mperekezi unadzaza za kunyumba kwawo.

Choyamba chinali chakuti Wives shout at husbands, akazi amakalipira amuna. Tinabwereza mokweza mpaka wogulitsa penti anagogoda denga ndi tsache. Sabata yotsatira kunabwera alamu: In-laws sit on sofas. In-laws wait for meals. Alamu amakhala pa sofa, alamu amadikira chakudya. Chilichonse ankachichulukitsa, akazi, amuna, alamu, ngati akunena za dziko lonse lapansi, koma ankanamiza ndani? Tsiku limene analemba kuti Wives look through pockets, akazi amafufuza m'matumba, thumba la jekete yawo linali litasosoka. Ine ndine telala, zoterezi sizindidutsa.

Kalasi inadzaza. Anthu ankabwera ngati akutsatira sewero la pawailesi, ndipo Dalaivala anasiya kugona. Mayi wa m'ziganizoyo tinamupatsa dzina, Namondwe, ndipo tinagwirizana kuti ayenera kukhala chimzimayi cha mikono ngati mitondo. Wometa ankati a Mperekezi asadandaule, wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Chingerezi nacho chinkalowa, zimenezo sindingakane. Lamulo linali lakuti aphunzitsi akalowa, m'malo mwa moni, tiziimirira n'kubwereza ziganizo za dzulo, ndipo panalibe amene ankaphonya ngakhale kamperekezi kamodzi.

Vuto linali Wometa. Munthu ameneyu akamameta, lumo limagwira ntchito pang'ono, pakamwa kwambiri. Aliyense wokhala pampando wake ankachoka ndi mutu wosalala komanso nkhani yonse ya Namondwe, m'zilankhulo ziwiri.

Ndiye tsiku lina, aphunzitsi asanafike, panalowa mayi wamng'ono thupi, waukhondo, atanyamula chikwama chachikulu cha paulendo. Anapereka moni ndi mawu otsika, n'kufunsa ngati muno ndi mophunzirira Chingerezi. Wometa anamupukutira benchi ndi chipewa chake.

"Mwafika, mayi, mwafika. Muno simugona tulo. Koma kuti mutsatire bwino, ndikuuzeni kaye za Namondwe."

Anamuuza zonse. Za kukalipa, za matumba, za alamu pa sofa, n'kuwonjezerapo zake zimene sizinalembedwepo pa bolodi. Mayiyo ankangogwedeza mutu, manja ali pa chikwama. Wometa atatha, mayiyo anati:

"Zikomo, bambo. Namondweyo ndine."

Dalaivala anayang'ana zenera ngati akuyeza kutalika kwa pansi. Amayi a mafoni anapeza mwadzidzidzi mauthenga ofunika kuwerenga. Ine ndinachita manyazi mpaka kuphazi, koma ndisaname, ndinaganizanso kuti sewero lathu lathera pomwepa.

"Kumene ndimakhala azimayi akandiona amakodolana," anapitiriza mayiyo, mawu osakwera. "Dzana kamtsikana kena kanandipatsa moni wa Chingerezi, anzake n'kugwa ndi phwete. Ndikupita kwa achimwene anga, basi inyamuka madzulo ano, ndipo sindibwerera. Koma ndati ndiyambe ndamva ndi makutu anga mmene amanditsatsira amuna anga."

Tinamva nsapato pa masitepe. A Mperekezi analowa akupukuta magalasi, anawavala, anaona akazi awo, anaona chikwama. Bokosi la choko linagwa. Ife, mwa chizolowezi, tinali titaimirira kale, koma panalibe amene anatsegula pakamwa.

"Mayi," anatero a Mperekezi, "tiyeni tikakambirane kunyumba."

"Kunyumba mumalankhula inu? Kunyumba ndimakhala ndi nyuzipepala ya miyendo iwiri." Anatembenukira kwa ife. "Akuti mumayamba n'kubwereza za dzulo. Bwerezani. Inu atelala, muzindimasulira, ndipo musandiphikire."

Tinayamba, mawu ngati a kwaya ya pamaliro a munthu wosam'dziwa.

"Neighbours ask about babies."

"Anansi amafunsa za makanda," ndinatero.

Nkhope ya mayiyo inasintha. Anali atakonzekera za sofa ndi matumba, osati izi.

"Wives pray for children."

"Akazi amapempherera ana. Ndiye kuti, amapempha kuti akhale ndi ana."

Mayiyo anakhala pansi pang'onopang'ono. Apa m'pamene zinatifika tonse kuti m'ziganizo zonse za miyezi imeneyo munalibe mwana wolira, mwana wakuba shuga, mwana wothawa kusamba. Dzulo lake tinali titaziimba izi tikuseka, osaganizapo kanthu.

"Izinso?" anafunsa, akuyang'ana amuna ake. "Zaka zonsezi m'nyumba muli zii, ine ndikuyenda mozyolika, inu mwazitenga kudzapatsa anthu kuti aziimba? Zokalipa zija ndikanakhululuka, chifukwa ndimakalipadi. Koma izi?"

A Mperekezi ankangoyang'ana choko chimene chinamwazika pansi. Panali patatsala chiganizo chimodzi, ndipo tonse tinagwirizana ndi maso kuti chimenecho chife. Koma Dalaivala ndi munthu amene akalowa mumsewu saima pokhapokha wafika. Ananena yekha, ndi mawu ake a besi:

"Husbands cry in bathrooms."

Dzulo lake Wometa anali atanena kuti ameneyo ndi sopo wolowa m'maso, ndipo tinaseka mpaka misozi. Lero mayiyo ankandiyang'ana ine, akudikira.

"Amuna amalirira m'bafa," ndinatero.

Kunja kunkamveka mahutala a magalimoto, ndipo pansi wogulitsa penti ankakangana ndi kasitomala za mtundu wa buluu.

"Mpopi uja," anatero mayiyo kenako. "Mumautsegula mpaka kalekale, ine n'kumagogoda kuti mukuwononga madzi. Mukatuluka maso ali psuu, mumati ndi chimfine."

A Mperekezi anawerama n'kutola choko chimodzi pansi.

"Ine ndimati nkhaniyi imandiwawa ndekha. Alongo anu akamandilasa ndi mawu, inu chete. Tikabwera kuchipatala, inu nyuzipepala. Ndinafika poganiza kuti mulibe nazo ntchito, kapena muli ndi kwina kumene mukuyembekezera. Bwanji osandiuza ine, m'malo mouza ometa ndi madalaivala?"

Wometa anatsegula pakamwa kuti ateteze ntchito yake, koma mmodzi wa amayi a mafoni anamuponda phazi.

"Ndinayesa, mayi," anatero a Mperekezi. "Kangapo konse. M'chilankhulo chathu sizituluka, zimatsakamira pakhosi. M'Chingerezi zimakhala ngati za munthu wina."

"Ine sindinakwatiwe ndi munthu wina. Amuna olirawo ndi ati? Ndiuzeni za inuyo, ndimve."

Munthu amene anatiphunzitsa kulankhula kwa miyezi yonseyo anaima pamaso pathu, milomo ikungogwedezeka. Anavula magalasi, anawavalanso. Ndinawamvera chisoni kwambiri, moti ndikanatha kuwanenera ndikanawanenera.

"Ndimalira," anatero potsiriza. "Ndimalira ine. Ndikaona mukusita zovala za ana a eni ake, ndimalira. Ndimaopa kuti mukandiona, mudziimba mlandu."

Mayiyo anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, kamodzi kokha, kenako anakumbukira kuti tilipo. Pamenepo tinamuona Namondwe wathu, ngakhale analibe mikono ya mitondo.

"Inu mukuonera chiyani? Mulibe nyumba? Sukulu yatha, tulukani!"

Tinatsika masitepe mopanikizana ngati ana othawa mkwapulo. Wometa anatsalira kuti amange chingwe cha nsapato pafupi ndi chitseko, nsapato yake ili yopanda zingwe, ndipo Dalaivala anabwerera kukamukoka ndi kolala.

Palibe amene anapita kwawo. Tinaima pakhonde la sitolo ya penti, wina akunamizira kuwerenga mitengo, wina kuyang'ana mitambo, tonse maso ali pakhomo la masitepe. Basi ya madzulo inatulukira pakona, inaima, inakweza anthu, kondakitala anaitana mpaka mawu kusasa. Kenako inanyamuka, awiri aja akadali pamwamba.