Pampu ya m'Dimba la Fadila

Galimoto yozimitsa moto ija inafika ku Balaka itaberekedwa pa lole ina. Inali ya esiteti ya fodya ya m'munsi mwa phiri la Chikala ku Machinga, yomwe inatsekedwa kalekale. Kamsika kathu ka kuseri kwa njanji katapsa mbali ya kaunjika, mdzukulu wa mwini esiteti anaipereka kwa komiti ya ochita malonda ngati chipepeso. Mphatso yake inalibe matayala, inalibe belu, inalibe rediyeta, ndipo m'thanki munkagona mileme. Antchito a pa esiteti, pochotsedwa, aliyense anamasulapo kake ngati penshoni.

Blasius, makanika wochokera ku Nsanje, anaikonda tsiku lomwelo. Anapempha komiti kuti amusiyire aikonze, ndipo kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ankakhala m'minibasi kusaka ziwalo zake. Belu analipeza pa sukulu ina ku Ntaja likuitana ana, n'kusinthanitsa ndi limu ya lole yomwe inkalira kuposa belulo. Makwerero anali ndi mmisiri wokhoma malata ku Liwonde. Rediyeta inali itasanduka chitseko cha khola la mbuzi ku Nsanama. Anzake ankati akanamasisita mkazi wake momwe ankasisitira boneti yofiirayo, bwenzi atadzaza kalasi ndi ana.

Patapita zaka injini inalira, galimoto n'kuzungulira msika uku ikutsokomola. Koma galimoto yamoto yopanda pampu ndi lole chabe yopaka utoto wofiira, ndipo a Raymond, wapampando wa komiti, wogulitsa nsapato, anali atatopa kusekedwa. Anamuitana Blasius n'kumuuza kuti mwezi wa Okutobala ukafika galimotoyo isanalavule madzi, aigulitsa kwa ogula zitsulo a ku Limbe. Sikunali kuopseza. Anthu a ku Limbewo anabweradi ndi choko, n'kujambula mizere pa bodi yonse, momwe adzadutsitse moto wa gasi. Blasius anafufuta mizereyo ndi malaya ake, mawa lake anapeza yajambulidwanso.

Mlonda wina wakale wa pa esiteti, yemwe anakumana naye pa boma la Machinga, ndiye anamulozera kwa Mposa. Kumeneko, m'dimba la tomato m'mbali mwa kamtsinje, anaipezadi pampu ija itamangidwa pa simenti, ikuzunguzidwa ndi lamba wochokera ku injini yakale ya chigayo. Anakanda matope ndi chikhadabo, pansi pake panaoneka utoto wofiira.

Pa khonde la nyumba yoyang'ana dimbalo panakhala bambo wa magalasi akuda ndi kofiya yopeta, akusenda nzimbe pamene amayi ankathirira. Blasius anafunsa mwini pampu, bamboyo n'kudzimenya pachifuwa, nati ndi Che Salimu. Blasius sanafunsenso wina. Kwawo ku Nsanje mwamuna wokhala pakhonde choncho anapereka ng'ombe za malowolo, ndipo zonse za pakhomo ndi zake mpaka anapiye. Anagwirizana zosinthana: Blasius abweretsa pampu yatsopano ya petulo, yaing'ono yonyamula pamanja. Ataibweretsa ili m'katoni mwake, Che Salimu anamuchingamira kumsewu, n'kuikweza pa kabaza kuti akaisungitse kaye kwa mnzake. Yakaleyo anati adzaimasule Lachisanu masana, nthawi yomwe kulibe ana osokoneza.

Linali Lachisanu lomaliza la Seputembala. Blasius analemba ganyu pikapu ya Twalibu wa ku Ntaja, mnzake wa nthabwala, yemwe njira yonse ankadandaula kuti akuphonya swala, mapemphero a ku mzikiti, chifukwa cha chibwenzi cha mnzake. Atafika, m'mudzi munali zii. Pakhonde panalibe munthu. Anabwerera ndi pikapu chambuyo mpaka m'dimba, n'kuyamba kumasula.

Mabawuti anali atagwirana ndi dzimbiri. Blasius ankathira oyilo, Twalibu n'kumaponda sipanala ndi phazi. Atamasula angapo, Twalibu anaweramuka, n'kuyang'ana nyumba zomwe zinali zitandandana m'mbali mwa dimba.

"Achimwene, mwini pampuyu ali kuti?"

Blasius anati mwina ali ku mzikiti.

"Ndi wobadwira konkuno?"

"Iyayi. Anati kwawo ndi ku Namwera, kuno anadzakwatira."

Twalibu anaika sipanala pansi pang'onopang'ono, ngati dzira. Anati Blasius wagula mbuzi kwa m'busa. Munthu wodzakwatira kuno ndi mkamwini: munda ndi wa mkazi, dimba ndi la mkazi, nyumba anamanga yekhayo ikakhala kuti ukwati watha amaisiya, amatuluka ndi bulangeti lake. Chinthu chomangidwa pa simenti m'dimba la eni ake sangachigulitse ngakhale atavala magalasi awiri. Anati abwezere mabawuti msanga, azipita.

Blasius anayang'ana pampu. Inali itatsala pa bawuti imodzi. Anatola sipanala.

Mayi wina anatulukira kuseri kwa nthochi ali ndi khasu paphewa. Anaima, n'kuona lamba ali pansi, alendo awiri ndi pikapu yotsegula kumbuyo. Sanafunse kanthu. Anatembenuka n'kukuwa, ndipo mawu ake anakafika ku mzikiti nthawi yomwe amuna a mudzi wonse ankavala nsapato pakhomo.

Tsiku lina lililonse anthu akanabwera mmodzimmodzi kuchokera m'minda. Tsikuli anabwera onse pamodzi, mikanjo yoyera ikutsika njira ya ku dimba mosathamanga. Ena anadzera m'makomo kutenga zikwanje. Twalibu ananong'oneza kuti adumphe kamtsinje, galimoto aisiye, moyo alibe sipeya. Blasius anangokhala pansi pa matope, n'kukumbatira pampu ndi manja onse.

Anawazungulira. Mnyamata wina anazula kiyi wa pikapu n'kumuika m'thumba. Twalibu anayamba kulankhula Chiyao, kutchula amalume ake a ku Ntaja ndi mashehe omwe amamudziwa, koma wina anamuyankha kuti Msilamu woba nthawi ya swala ndiye woyamba kuotchedwa. Panalibe yemwe anaseka. Kumbuyo kunamveka kulira kwa tcheni, Blasius atacheuka anaona tayala la sipeya likutsitsidwa pa pikapu. Analigudubuza mpaka linadzagwa pafupi ndi mapazi ake. Wina anafunsa ngati injini ya chigayo ili ndi dizilo.

Bambo wamtali wa ndevu zoyera anatukula mkono. Anali Che Zubairu, mwini mbumba, mlongo wake wa mwini dimba. Anafunsa Blasius kuti anamulola ndani. Blasius anatchula Che Salimu. Anthu anapatuka, ndipo Che Salimu anaonekera kumbuyo kwenikweni, tasibi, mikanda yopempherera, ili m'manja. Anavula magalasi, n'kumuyang'anitsitsa Blasius kuyambira kumutu mpaka ku mapazi.

"Alamu, munthu uyu sindinamuonepo."

Mnyamata uja anatukula tayala. Blasius anamva fungo la labala wotentha ndi dzuwa pafupi ndi khutu lake. Sanasiye pampu.

"Dikirani kaye, mundipondera tomato."

Anali mayi wamfupi wonenepa, chitenje chitamangidwa pamwamba, m'manja muli ufa. Dzina lake Fadila, mkazi wa Che Salimu. Anadutsa pakati pa amunawo osapepesa, n'kuima patsogolo pa Blasius. Anamufunsa chomwe akuchita ndi chitsulo chomwe anamusiyira amalume ake, amjomba. Blasius anafotokoza zonse mosanjikiza: za galimoto yofiira, za belu, za anthu a ku Limbe ndi gasi wawo, za mwezi womwe ukutha. Fadila anamudula. Anati za galimoto akuzidziwa, amjomba ake ankaitsuka. Chomwe akufuna kumva n'chakuti mwamuna wake anamupatsa chiyani.

Blasius anati pampu yatsopano ya petulo, m'katoni yachikasu, yomangidwa ndi chingwe cha buluu.

Fadila anapukuta ufa pa chitenje. Kenako anatembenukira kwa mwamuna wake.

"Che Salimu, katoni yachikasu ija mng'ono wanga Maryam anakuonani nayo pa kabaza, munati ndi wailesi ya mnzanu?"

Che Salimu anati makatoni achikasu ndi ambiri m'dziko muno.

"Nanga foni yatsopano ili m'mkanjomo, inagwa ndi mvula?"

Mayi wina kumbuyo anaphulika kuseka, enanso n'kutsatira. Che Zubairu sanaseke. Anauza mlamu wake kuti anabwera pamudzipo ndi kasutikesi kopanda loko, ndipo ngati waiwala kukula kwake, kakadali pa denga. Analamula kuti katoniyo ifike pakhomo dzuwa lisanalowe, kaya aiwombola bwanji kwa yemwe anamugulitsa. Mnyamata wa tayala analitsitsa mwamanyazi, n'kukhalapo ngati mpando. Twalibu anapempha madzi akumwa.

Fadila anauza alendowo kuti abwezere mabawuti onse ndi lamba, azipita ndi moyo wawo.

Twalibu anali atagwira kale sipanala. Blasius sanadzuke. Anagwada pa matope pomwepo, n'kunena kuti ngati abwerera ku Balaka chimanjamanja, galimoto ija aiduladula sabata yamawa. Anati katoni ikabwera ikhale yawo, awonjezera mapaipi, azidzakonza injini ya chigayo ulere mpaka imfa. Anthu omwe anali atayamba kubalalika anabwerera. Che Zubairu anamuchenjeza kuti asayese mwayi wake kawiri tsiku limodzi.

Fadila anati tipampu ta petulo timafa chaka chisanathe, pamene iyi yathirira dimbali kuyambira iye ali namwali. Komanso si yake yekha. Ndi ya ang'ono ake ndi ana awo aakazi, ndipo chinthu cha mbumba sichikwera galimoto kupita kwa eni.

Blasius anaweramitsa mutu. Fadila anamuyang'ana kanthawi, n'kuyang'ananso injini ya chigayo yomwe inkadontha oyilo mu ngalande, n'kufunsa ngati galimotoyo imayenda. Blasius anati imayenda. Anafunsanso ngati ili ndi thanki ndi paipi yaitali yofika ku minda ya kumtunda. Anati ili nazo.

"Ndiye mukuliriranji? Kwathu kuno wofuna chathu amabwera kudzakhala nacho konkuno. Funsani uyo wa magalasi."

Blasius anaiyendetsa yekha galimoto ija kupita kwa Mposa Lolemba m'mawa, osatsanzika komiti. Inawira pa mlatho wa Liwonde, inawiranso pokwera ku Machinga, koma inafika. Amuna omwe anagudubuza tayala aja ndi omwe anathandiza kunyamula pampu n'kuikhazika m'malo mwake pa galimoto. Che Salimu anapatsidwa ntchito yogwira paipi m'kamtsinje, madzi akumufika m'mawondo.

A Raymond anabwera pa minibasi ndi anthu a komiti, mkwiyo uli pamphumi, ndipo mmodzi wa a ku Limbe anali nawo. Anapeza galimoto itaima pansi pa mtengo wa mango. Blasius analowetsa giya, pampu inang'ung'udza, paipi inafufuma ngati nsato, madzi n'kuuluka kupitirira nthochi mpaka kukagwa pa denga la Che Zubairu. Wa ku Limbe anayang'ana kumwamba, n'kufunsa nthawi yomwe minibasi yobwerera imadutsa.

A Raymond anavomera kuti yalavula, ndipo mawu ndi mawu, siidulidwa. Kenako anati chabwino, iyambe ulendo wa ku Balaka. Che Zubairu anawauza mwaulemu kuti galimoto akhoza kutenga, koma pampu itsala. A Raymond anayang'ana Blasius, Blasius anayang'ana boneti. A Raymond anafunsa kuti nanga msika ukadzapsanso adzatani, moto uli ku Balaka, galimoto ili kwa Mposa.

Fadila anali akusankha tomato m'dengu, sanatukule ndi mutu womwe.

"Mudzaimbe pa foni ya a Salimu, ndi yatsopano. Ndikadzakhala kuti ndathirira kale, idzabwera."