Dzanja la Khansala Pawindo

Mai Winifred Msiska anabereka Lachisanu, ndipo pofika Lamulungu anali atayamba kale kusowa tulo poganiza za Lachiwiri. Mwanayo analibe vuto, kanali kamtsikana konenepa kodziwa kulira. Vuto linali buku la malamulo a khonsolo.

Chaka chimenecho, 1986, Winifred anali khansala wamkazi yekhayo mu Mzuzu, woimira Chibanja. Lamulo linkati khansala akajomba misonkhano itatu yotsatizana, mpando wake watha. Zifukwa zovomerezeka zinalipo: maliro, ntchito ya chipani, kugonekedwa m'chipatala. Za kubereka munalibe, poti olemba bukulo anali abambo okhaokha, ndipo sanalotepo kuti khansala angakhale ndi pakati. Misonkhano iwiri anali atajomba kale, miyendo itatupa ngati mitondo. Wachitatu unali Lachiwirilo.

"Ndipita," anauza mlamu wake Dinah, yemwe anabwera kudzamusamalira. "Ndikangoyankha dzina basi, ndibwerako."

"Yayi, mulamu," anatero Dinah. "Mchombo wa mwana sunagwe, muli m'chikuta imwe. Simutuluka, ndipo mwanalume salowa muno, kaya ndi meya kaya ndi bishopu."

Dinah anali munthu woti akalamula, ngakhale nkhuku zimamvera. Winifred, mwana wa ku Zomba wosasowa choyankha pamsonkhano, naye anamvera. Mtima unkamuwawa. Zaka ziwiri wakhala akulimbana kuti ku Chibanja kubwere mpope wa madzi, ndiye mpando umupulumuke zinthu zitatsala pang'ono kutheka? Analembera kalata kalaliki wa khonsolo, a Overtoun Mhango, mwamuna wake nkukapereka. Yankho silinabwere.

Lachiwiri kunacha ndi kamvula kowaza komanso chisanu cholowa m'mafupa. Cha m'ma naini, Winifred anamva galimoto ikuima panja. Atasuzumira pakatani, anaona amuna amasuti akutsitsa mabenchi, nsapato zawo zopolisha zikumira m'matope. Wina anali atafukata chithunzi cha Pulezidenti, akufunafuna pochikoleka, poti msonkhano wopanda chithunzicho sukanakhala msonkhano. Anachimangirira pamtengo wa mapeyala.

A Overtoun anaima kataliko ndi windo, chipewa chili m'manja.

"Monire, amama. Tabwera kudzayendera malo a mpope. Bukuli limalola kuti pakakhala malo oyendera, msonkhano uchitikire pomwepo. Malo ake ndi awo, kuseri kwa mpanda wanu."

Winifred anafuna kuseka, koma m'mimba munali mukupwetekabe. "Yewo chomene, a Mhango," anathokoza m'Chitumbuka.

Dinah anatuluka ndi tsache, nkujambula mzere pansi. "Monire mose. Koma apa musadutse." Meya, ndi unyolo wake wonse wa m'khosi, anabwerera m'mbuyo.

Anapemphera, kalaliki nkuyamba kuitana mayina.

"Khansala wa Chibanja?"

"Ndilipo," liwu linatuluka pawindo.

A Herbert Gondwe anaimirira. Anali khansala wakalekale, mkulu woti ukati dzuwa latuluka, amafunsa kuti wavomereza ndani. "Point of order, a meya. Munthu amene sitikumuona alipo bwanji? Ife tili panja, iye ali m'nyumba."

"Bukuli likuti woyankha dzina lake alipo," anatero a Overtoun, akulitchinjiriza kumvula ndi jekete. "Za khoma silikunenapo kanthu."

Malo a mpope anawayendera, nawavomereza popanda mkangano. Pobwerera kumabenchi, khansala wa Msongwe, bambo wa ana asanu ndi awiri, anapempha kuti lamulo lisinthe: khansala akabereka apume miyezi itatu, mpando ukhalebe wake. Anati iye sangakwanitse kumasenza mabenchi mwezi ndi mwezi.

"Mukayamba zimenezi, mawa abambonso adzafuna holide ya mwana," anatero a Gondwe.

"Kodi nkulakwa?" anafunsa Dinah ali pakhomo. Amayi oyandikana nawo, omwe anali atadzaza kumpanda, anaseka mpaka meya anamenya pabenchi.

Anavota pokweza manja. Ofuna anali asanu, okana asanu. Meya anayang'ana kumwamba, kenako pansi, ngati munthu amene wapatsidwa mbatata yamoto.

"Pali khansala mmodzi sanavote," anatero a Overtoun.

Mwana anali pabere. Winifred anamusunthira kumkono wamanzere pang'onopang'ono kuti asaleke kuyamwa, nakankha windo, nkutulutsa dzanja. Kamvula kanamugwera m'chikhatho. Anamva kalaliki akuti, "Asanu ndi mmodzi," kenako nthungululu za amayi kumpanda. Misozi inangotsika yokha. Anali wokondwa, komanso wotopa kuposa mmene ankadziwira. Anatseka windo, natsamira pakhoma.

Msonkhano unapitirira. Nkhani yotsatira inali ya ngalande zotsekeka, ndipo a Gondwe, pofuna kubweza, anati amve kaye maganizo a khansala wa deralo.

"Khansala wa Chibanja?" anaitana meya.

Kunali zii. Anaitananso. Windo linatseguka pang'ono, koma amene anasuzumira anali Dinah.

"Agona. Mwawapatsa nokha miyezi itatu, mwaiwala kale? Tsitsani mawu."

Nkhani ya ngalande anaikambirana monong'ona, ndi a Gondwe omwe.