Ayisi wa Phwando ndi Nyongolotsi za Padenga

Lachisanu lomaliza Khrisimasi isanafike, wailesi inalengeza kuti ku Adelaide kutentha kufika madigiri 43. Mayi Lorraine Dimech anamva zimenezi akulowetsa ulusi pasingano. Anasiya thalauza la eni ake pamakina n'kuyamba kukwera masitepe opita padenga, akugwirira chitsulo cha m'mbali poti mawondo anali atayamba kale kukana.

M'nyumba yosanja imeneyi munkagwira ntchito anthu pafupifupi makumi atatu, aliyense pakangodya kake: wina wokonza njinga, wina wojambula zikwangwani pakompyuta, iwowo osoka ndi kuphatika zigamba. Khitchini inali imodzi, ndipo makoko a nthochi, masese a khofi ndi zotsala zina zinkathera m'mabokosi atatu akuda a nyongolotsi omwe ankakhala padenga. Nyongolotsi zinkadya n'kutulutsa manyowa, manyowawo n'kumeretsa tomato. Nzeru imeneyi anabwera nayo ndi Mayi Dimech, ndipo mwini nyumba anawapatsa chaka chimodzi choyesera. Chakacho chinkatha tsiku lomwelo. Bambo Wendt, oyang'anira nyumbayo, ankabwera kuphwando la Khrisimasi 4 koloko, ndipo anali ataneneratu kuti akangomva fungo, denga alitseka ndi loko. Maloya a pansanja yachitatu anali atadandaula kale kawiri za ntchentche.

Atatsegula chitseko, mpweya unawawomba kumaso ngati atsegula uvuni. Pamthunzi wa thanki ya madzi, pomwe mabokosi ankakhala, panali matebulo awiri oyalidwa nsalu zofiira. Mabokosiwo anali kukhoma la kumpoto, padzuwa lenileni.

Anavundukula loyamba n'kulivundikira msanga. Zonse zinali zitaphikika, fungo litayamba kale. M'mabokosi enawo nyongolotsi zinali zitathawira pansi, zitapotana ngati ulusi wosokonekera, zikungogwedezeka pang'ono.

Priyanka, wojambula zikwangwani uja, anatulukira atakoleka timagetsi tokongoletsera m'khosi.

"Wasuntha ana angawa ndani?"

"Ndine, Anti. Dzulo madzulo. Ndimati anthu adzakhale pamthunzi. Komanso mabokosiwa pazithunzi saoneka bwino."

"Anthu ali ndi miyendo, dzuwa alithawa okha. Nanga izi zithawira kuti? Tula timagetsi takoto, kaitane Tevita."

Tevita, wokonza njinga, anabwera akupukuta girizi m'manja. Anali chimphona cha ku Tonga chomwe chinkadutsa pakhomo cham'mbali.

"Anti, mwandiitanira maliro kapena ntchito?"

"Zonse ziwiri. Nyamula."

Anakankhira matebulo padzuwa, mabokosi awiri n'kubwerera pamthunzi. Lakufa lija analikhuthulira m'dzenje lomwe anakumba pakati pa tomato, n'kukwirira ndi dothi lambiri. Priyanka ankathira dothi ndi dzanja limodzi, linalo atagwira mphuno, akupepesa mosalekeza.

"Kupepesa uchite mawa," anatero Mayi Dimech. "Lero kwirira."

Kenako anabaya choyezera kutentha m'bokosi limodzi. Chinaonetsa 36. Zinali zoopsa, chifukwa nyongolotsi zikakhalitsa pamwamba pa 35 zimafa, ndipo bokosi likatentha silizizira ndi mthunzi wokha. Madzi a m'thanki anali ngati osamba. Priyanka anaimbira malo anayi omwetsera mafuta kufunsa ayisi, koma konse ayisi anali atatha kum'mawa.

Mayi Dimech anatembenukira pakhomo. Pamenepo panali mabokosi oziziritsira, odzaza mabotolo a mowa ndi nkhanu za phwando, zonse zitamira mu ayisi.

"Ayi, Anti," anatero Tevita. "Kumeneko musayang'aneko. Ndinaima pamzere 6 koloko kuti ndipeze matumba asanu ndi limodzi amenewo. Mowa wofunda pa Khrisimasi? Anthu awa andibweza ku Tonga pabwato."

"Ukafika ukandiperekere moni kwa mayi ako. Tsegula."

"Nanga a Wendt akakwiyira mowawo?"

Mayi Dimech analiganiza kale limenelo. Bambo Wendt anali munthu woti botolo amayamba waligunditsa patsaya asanalitsegule. Koma mabokosi awiri akafa, fungo lake likanatsika mpaka kwa maloya.

"Thumba limodzi usiyire nkhanu, sindikufuna kupha anthu. Asanuwo bwera nawo kuno."

Anakulunga ayisi m'manyuzipepala kuti asakhudze nyongolotsi, n'kumuyala pamwamba. Matumba ena anawatsamiritsa m'mbali mwa mabokosi, zonse n'kuzifunditsa ziguduli zonyowa. Chotsala chinali kudikira, ndipo kudikira sankakutha. Anatsika kukasoka, n'kupezeka atseka thumba la thalauza lija ndi ulusi. Anasomola, anakwera, anayeza: 35. Anatsika. Patapita theka la ola anakweranso: 35 yomweyo. Mphepo ya kumpoto inkaumitsa ziguduli ngati zili pa simbi, iwo n'kumanyowetsanso. Pofika 2 koloko sankavundukulanso, poopa kulowetsa mpweya wotentha, komanso poopa zomwe angaone. Ankangoyenda mozungulira tomato akununkhiza.

Anthu anayamba kukwera 4 koloko isanakwane. Aliyense ankatenga botolo, kuligwira, n'kuyang'ana Tevita.

"Achimwene, uwu ndi mowa kapena tiyi?"

"Funsani Anti," ankayankha Tevita, maso ali kumwamba.

Bambo Wendt anafika malaya atanyowa kumsana. Wina anawapatsa botolo. Analigunditsa patsaya, analiyang'ana, n'kuliyang'ananso.

"Ayisi wa chaka chino wapita kuti?"

Loya wina wa pansanja yachitatu anali ataima pafupi ndi tomato, mphuno ili m'mwamba.

"Bwerani kuno, bambo," anatero Mayi Dimech.

Anachotsa ziguduli n'kuvundukula bokosi. Manyuzipepala anali atanyowa, ayisi atatsala timiyala. Anapisa dzanja n'kutulutsa dothi lakuda lodzaza chikhatho. Silinagwedezeke. Anapisanso, mpaka m'chigongono. Ulendo uno dothi linayamba kuyenda lokha, timichira tofiira tikuthawa kuwala, kulowa m'mipata ya zala. Bokosi lachiwiri linalinso chimodzimodzi.

"Mabokosi anali atatu," anatero Bambo Wendt.

"Limodzi lafa m'mawa uno. Tinalisiya padzuwa. Lili pansi pa tomato apo, pomwe aima a loyawo."

Loya uja anasuntha. Bambo Wendt anapita pa tomato, anawerama, ananunkhiza nthawi yaitali. Anabwerera pabokosi n'kununkhizanso.

"Likumveka dothi basi," anatero bamboyo. Anasuzumira m'bokosi, anasankha pomwe panali ayisi wambiri, n'kuzika botolo lawo pamenepo. "Mpaka Malichi. Muikepo chotchinga dzuwa chenicheni, osati mthunzi wobwereka kwa thanki. Ikangobwera kalata ina yochokera pansi apa, ndatseka."

"Ndiye mundisiyire kiyi wa khomo lalikulu. Mawa akuti 44, ndipo muno mukhala mopanda munthu mpaka Chaka Chatsopano."

Bambo Wendt anawayang'ana, anayang'ana mawondo awo, kenako masitepe. Anachotsa kiyi pamphete n'kuwapatsa.

Tevita anali akukankhira kale mabotolo ena pansi pa ziguduli. Mayi Dimech anamumenya padzanja.

"Awiri okha, usazipsinje. Priyanka, tolera mabotolo onse apulasitiki m'nyumba muno, udzaze madzi. Chilichonse chili mufiriji chituluke, alowemo amenewo aundane."

"Ngakhale keke, Anti?"

"Keke idyedwe pompano."

Anabayanso choyezera chija. Chinaonetsa 31. Anachipukuta pasiketi n'kuyang'ana kumpoto. Kumwamba kunalibe kamtambo ngakhale kamodzi.