Phiri la Ahedi

"Kuluka si ntchito, ndi masamu a ana ongoyamba kumene sukulu. Mutandipatsa masabata atatu, ndingakulukireni bulangete loti banja lonse lifunde."

Mawu amenewa Mayi Hedi anawamva ali kuseri kwa chitseko cha holo, atanyamula thireyi ya makapu. Wolankhulayo anali mwamuna wawo, Ahedi, amene anapuma pa ntchito ya mphunzitsi wamkulu zaka zinayi zapitazo, koma udindo unakana kupuma nawo. Ankauza amayi a gulu loluka, omwe ankakumana Lachitatu lililonse kukonzekera okushoni ya mabulangete, malonda opikisana mitengo. Ndalama zake zinali zogulira makina otenthetsera ana obadwa masiku asanakwane ku chipatala cha m'deralo. Ahedi anangobwera kudzatenga akazi awo, koma munthu wozolowera asembule akaona anthu atakhala pansi, pakamwa pamayabwa.

Mayi Hedi anaima kaye pomwepo. Pa zaka makumi atatu ndi ziwiri za ukwati anali atalukira ana majuzi ndi zipewa, nsalu za pamipando, ngakhale kathumba kamene Ahedi ankasungiramo magalasi. Koma mlendo akafunsa kuti mayi amagwira ntchito yanji, yankho linali limodzi: sagwira ntchito awa, amangocheza ndi ulusi.

Wapampando wa gululo, namwino wopuma amene onse ankamutcha Anesi, sanatsutse. Anangotsegula kope nalemba kuti bulangete la nambala makumi awiri, lalikulu lotsekera okushoni, aluka ndi Ahedi. Apo m'pamene Mayi Hedi analowa, naika thireyi patebulo bwinobwino.

"Likakukanikani, bambo, mudzaimirire pa okushoni, muuze anthu kuti kuluka n'chiyani."

Ahedi anaseka navomera. Mboni zinali khumi ndi ziwiri, zonse zogwira tingowe tolukira, ndipo mawu onenedwa pagulu ndi ngongole.

M'mawa mwake Ahedi anagula ulusi wobiriwira, kope latsopano ndi rula. Akazi awo anawaonetsa kagwiridwe ka kangowe ndi kakoledwe ka ulusi, nawayambira mzere woyamba wa mfundo zana limodzi ndi makumi awiri. Anawachenjezanso kuti mfundo yomaliza pa mzere imabisala ngati mwana wochedwa kusukulu, choncho aziwerenga mzere uliwonse asanatembenuze. Ahedi anayankha kuti munthu amene anawerengapo ana chikwi pabwalo tsiku ndi tsiku sangazembedwe ndi ulusi.

Kunena zoona, khama analichita. Ankakhala pakhonde kuyambira m'mawa, lilime lili panja pang'ono, magalasi ali kumapeto kwa mphuno, ndipo aliyense wodutsa ankauzidwa za makina a ana aja ngati wafunsa. Koma akafika kumapeto kwa mzere ankatembenuza mwachangu, mfundo yomaliza ija n'kutsala.

Sabata yoyamba isanathe, Mayi Hedi anaona kuti m'mbali mwa bulangete mwayamba kulowa mkati. Ananena kamodzi, nauzidwa kuti ndi maso awo. Ananena kachiwiri, nauzidwa kuti ulusi umakhwinyata kukazizira. Kachitatu sananene. Sabata yachiwiri Ahedi analemba kalata yodandaula yopita kusitolo kumene anagula ulusiwo, ya masamba awiri, koma sanaitumize. Pofika sabata yachitatu, chinthucho chinali ndi ngodya zitatu: kumunsi kokwanira mapazi a banja lonse, kumtunda kokwanira mphuno ya munthu mmodzi.

Kutatsala masiku asanu ndi limodzi, Ahedi anachiyala patebulo lodyera, naitana akazi awo kuti adzaone chinyengo cha ulusi wa masiku ano. Mayi Hedi anapukuta m'manja, nawerenga mzere wapamwamba mokweza, chala chikuyenda pang'onopang'ono. Anathera pa zisanu ndi zinayi.

"Ana zana limodzi ndi khumi ndi mmodzi athawa sukulu, bambo. Mmodzimmodzi, inu muli pageti."

Ahedi anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso. Chiwerengero sichinasinthe.

Mayi Hedi akanatha kungosiya. Loweruka, tsiku la okushoni, amuna awo akanaimirira chimanjamanja, iwo n'kulandira mawu amene anawadikira zaka makumi atatu ndi ziwiri. Koma mapepala oitanira anthu anali atamatidwa kale m'masitolo, ndipo Anesi anali atawerengera kuti popanda bulangete lalikululo makina sakwanira. Ana a m'chipatala sanabetche ndi munthu. Kumasula zonse n'kuyambanso, nthawi panalibe. Anayala chinthucho pansi, nachizungulira kawiri, kenako anatuma Ahedi kukagula ulusi wabuluu.

Analuka zidutswa ziwiri za ngodya zitatu, china cha kumanja china cha kumanzere, akuwonjezera mfundo imodzi pamene amuna awo anataya imodzi. Zimene Ahedi analuka masabata atatu, iwo anayenera kufanana nazo m'masiku asanu. Ahedi anapatsidwa ntchito yotambasula manja kuti ulusi ukulungidwe, komanso yophika, imene inapsereza mapoto awiri. Atakhala moyang'anana choncho, anaona kwa nthawi yoyamba kuti milomo ya akazi awo imagwedera chifukwa imawerenga, komanso kuti chala chimene ulusi umadutsapo chili ndi kanjira kouma. Tsiku lachinayi zala zija zinatupa, ndipo Mayi Hedi ankaziviika m'madzi ofunda n'kubwereranso pampando.

Za ngongole sanatchule. Bulangete linali litatha, la ngodya zinayi ngati anzake, ndipo m'gulu munalibe wodziwa kuti Ahedi linawakanika. Posoka chidutswa chomaliza anadziwa kuti akusokera pomwepo mlandu umene anali atawina kale.

Loweruka holo inadzaza. Wogulitsa anali wometa tsitsi wina wa mawu osafuna maikolofoni, ngakhale anaigwirabe. Mabulangete khumi ndi asanu ndi anayi anapita bwino, koma nkhope ya Anesi pa kope lawo inkaonetsa kuti mtunda udakalipo. Kenako amayi awiri anatambasula lomaliza. Linali phiri lobiriwira, losongoka bwino, kumwamba kwabuluu mbali zonse ziwiri.

Mwini famase, sitolo ya mankhwala, anatchula mtengo. Mwini sitolo ya zitsulo, amene sanagwirizanepo ndi mwini famase pa chilichonse chiyambire, anawonjezera. Anakwezerana choncho mpaka mkazi wa wazitsuloyo anamukoka jekete, koma mochedwa, chifukwa bulangete linali lake kale. Anesi anatseka kope, naimirira, nanena kuti makina akwana. Amayi a gulu anawomba m'manja ndi tingowe tawo tomwe.

Wometa uja anaitana mmisiri mwini, kuti afotokoze mmene nzeru ya phiri inawafikira. Ahedi anapita kutsogolo, nakonza tayi, nakhosomola chifuwa chija cha pa asembule. Mayi Hedi anayang'ana zala zawo. Ankawadziwa amuna awo: maikolofoni, anthu mazana awiri, ndiponso ulemu woperekedwa pambale.

Ahedi anayamba ndi kulonjera magulu onse a anthu monga mwa maudindo awo, zomwe zinatenga nthawi. Kenako anati phirilo si nzeru, ndi mfundo zana limodzi ndi khumi ndi imodzi zimene iwo anataya chifukwa chokana kuwerenga. Anati kumwamba konse kwabuluuko analuka ndi mayi akunyumba, m'masiku asanu, zala zitatupa. Anaima, nayang'ana amayi khumi ndi awiri aja, omwe onse anali atasiya kuluka.

"Ndili ndi ngongole kwa akazi anga, ndipo mboni zake ndi izi. Kuluka ndi ntchito."

Mayi Hedi sanadzuke pampando. Anangokweza dzanja, monga amachitira mwana wofuna kufunsa m'kalasi.

"Mubwereze, bambo. Akumbuyoku sanamve."

Ahedi anayandikitsa maikolofoni pakamwa, nabwereza.