Mchere wa Bambo Ake a Ndaziona

1.
Kamkono ka Ndaziona n'kakang'ono moti lamba wa makina a bipi anazungulira n'kutsala. Anesi anakatenga wa ana. Anapopa. Anayang'ana. Anapopanso.
Mayi, mwanayu amadandaula mutu?
Eee, ndinatero ine. Koma bipi si ya azibambo amimba zikuluzikulu? Uyutu ndi wa sitandade 2.
Anesi sanaseke.

2.
Chaka chatha, kwathu ku Mitundu. Zinayambira m'zikope. Kenako mapazi, masilipasi osalowa. Kenako mimba.
Azimayi pamjigo osandipatsa mpata. Nachisale, tsegula maso iwe. Mwana satupa chabe.
Kwathu aliyense amadziwa: kholo likayenda njira yam'mbali n'kubwera kudzadya mbale imodzi ndi mwana, mwanayo amatupa. Ndi tsempho. Ine mtima wanga unali mbee. Ndiye anatsala ndani?

3.
Amuna anga, a Dzimbiri. Akalipentala. Akamwini ofatsa ngati nkhosa, oti ukawapsera mtima amangopitiriza kupala thabwa. Ine ndi wa pakamwa, sindibisa.

4.
Lero. Adokotala akuloza mabotolo ang'onoang'ono a magazi a mwana wanga.
Impso ndi sefa, mayi. Zikafooka, zoipa zimatsalira m'magazi, ndipo ife timaziyeza. Za mwanayu zachuluka. Madzi akukhala m'thupi, n'chifukwa chake akutupa. Magazi akuthamanga kwambiri, ndipo kuthamangako kukuwononganso impso zomwezo. Zinayamba liti?
Chaka chatha.
Nanga munali kuti nthawi yonseyi?
Ndinayang'ana nsapato zawo.

5.
Tinali pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, amalume anga a Kathumba amene ndi ankhoswe atakhala pampando umene anawakhomera a Dzimbiri omwewo, ndipo anayamba bwinobwino kuti akamwini ife sitikufuna milandu tikufuna moyo wa mwana, kenako mawu anakwera kuti mankhwala alipo asing'anga atipatsa kale koma sagwira ntchito wolakwa asanavomere, ndipo ine ndinalowerera ndikulira kuti bambo a Ndaziona muvomere chonde muvomere ndikukhululukirani koma mwanayu akafa ndi inu mwamupha, iwo maso ali pakhonde pomwe Ndaziona anagona pamphasa nkhope itatupa moti maso sankaoneka, amalume akubwereza kuti mwana satupa chabe mwana satupa chabe mpaka dzuwa linapendeka

6.
Inde.

7.
Anatero a Dzimbiri.
Ndani? ndinafunsa.
Wina wake wa ku Nathenje. Wogulitsa zitumbuwa.
Kukhululuka ndinalonjeza kuja kunathera pomwepo. Ndinawalavulira.

8.
Mankhwala ake anali mizu yophikira m'phala, ndipo mchere ankayenera kuthira wolakwayo ndi dzanja lake. Anathira wodzaza chikhatho. M'mawa uliwonse ankathira, n'kumudyetsa yekha ndi supuni. Ndaziona ankakwinya nkhope, iwo n'kumati meza mama, meza uchire.
Kutupa kunaphwera pang'ono. Tinati mwaona, zagwira. Amalume anawauza akamwini kuti atenge zawo. Anatenga sowo, hamala ndi bulangete. Mpando uja anausiya.
Mvula itayamba, mwana anatupanso. Tinati tsempho lake linali lalikulu, n'kukatenga mizu ina.

9.
Zoti asadye, malinga ndi anesi:
mchere
usipa wouma
tchipisi cha pachiwaya
makamba a m'mapaketi
soda wa m'therere
mankhwala a mutu ogula pagolosale
mizu iliyonse, kaya wakupatsani ndani
mchere, ndabwerezanso mayi, mchere ndi umene umakweza bipi

10.
Amama, ndiwozi n'zosakoma. Amama, mnyamata wa pabedi ilo amapita kumakina otsuka magazi, inenso ndidzapita? Ababa akudziwa kuti ndili kuno? Muwauze kuti phala lawo lija ndinkameza lonse, sindinkalavula. Mwina anakwiya poganiza kuti ndinkalavula.

11.
Ndinawaimbira. Miyezi yonseyi sindinawaimbirepo, koma ndinawaimbira.
Anafika ndi minibasi yam'mawa, utuchi uli m'tsitsi, ataonda ngati bango. Ndaziona anawakumbatira m'khosi osawasiya. Atagona, tinatuluka kukakhala pakapinga pomwe odikirira odwala amayanika zitenje.
Ndinawauza zonse. Za sefa, za magazi, za mchere. Ndinawauza kuti adokotala akuti matendawa akanapezeka msanga impso zikanatetezeka, koma pano n'kungochedwetsa basi. Ndinkafuna ziwapweteke. Nanenso zinkandipweteka, ndiye ndinkafuna tigawane.
Tsono si tsempho, ndinatero. Koma musaganize kuti mwayera. Wazitumbuwa wanu uja ali bwanji?


12.
Mayi a Ndaziona, ine ku Nathenje ndinangodutsako pagalimoto. Sindikudziwako munthu ngakhale mmodzi. Wazitumbuwa ndinamupeka pansi pa mango paja, chifukwa munkafuna dzina ndipo mwana ankabanika pakhonde. Munati mankhwala sagwira ndisanavomere. Ndinaganiza kuti ndikavomera nditaya inu, ndikakana nditaya mwana. Ndinasankha. Ndinkati mwina mankhwalawo samva kuti ndanama.
Kuja ndimagona kushopu, anthu ankandiloza, ine ndinkadzitonthoza kuti bola mwana akuchira. Lero mukundiuza kuti anali mchere. Dzanja ili.
Ndiye ndikufunseni chimodzi, ndipo musandinyengerere. Tsiku lija ndikanalimba, ndikanati ayi mpaka mapeto, mukanatani? Mukanamunyamula kubwera naye kuno?

Mukanabwera naye eti, anatero a Dzimbiri. Ndimaopa zomwezo.